Insulin Sathira M'madzi Ofukizira

Mu June ndi July, pamene chisanu chimatsika kuchokera m'phiri la Zomba ndipo chimfine chimalowa nyumba ndi nyumba, mabanja ambiri amawiritsa masamba a bulugamu, kufunda bulangete, n'kumakoka nthunzi. Chizolowezi chofukizachi chinakula kwambiri nthawi ya Covid-19. Chaka chino ndapeza chinthu chondidetsa nkhawa poyendera odwala matenda a shuga: ena mwa iwo, atatopa ndi jakisoni wa tsiku ndi tsiku, akudonthezera insulin, mankhwala awo otsitsa shuga m'magazi, m'madzi otenthawo chifukwa anamva kuti kunja kuli insulin wopumira.

Insulin wotereyu alipodi. Kampani ya Pfizer inatulutsa Exubera mu 2006 koma inasiya kumugulitsa mu 2007, ndipo mu 2014 dziko la America linavomereza wina wotchedwa Afrezza. Awiri onsewa ndi ufa wouma wokonzedwa mwapadera ndi kachipangizo kake, ndipo chifukwa chake chagona pa ulendo umene mankhwala amayenda asanafike m'magazi.

Insulin ndi puloteni, monga zoyera za dzira. Mukamumwa, mimba imamugaya ngati ndiwo, n'chifukwa chake amabayidwa. Mapapo anakopa akatswiri chifukwa pansi pake penipeni pali timatumba ta mpweya mamiliyoni mazanamazana, ndipo khoma lolekanitsa mpweya ndi magazi pamenepo ndi lopyapyala mosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Mapuloteni aang'ono ngati insulin amalowera kwambiri m'timipata ta pakati pa maselo a khomalo, pamene aakulu amamezedwa ndi selo mbali imodzi n'kukatulutsidwa mbali inayo, njira imene ndi yochedwa. Koma kuti kadontho kafike kumeneko, kayenera kukhala ka kukula kwa pakati pa gawo limodzi ndi magawo asanu mwa magawo 1,000 a milimita. Kokulirapo kamakakamira pakhosi kapena m'makhololo a m'njira za mpweya, ndipo timaubweya ta m'njiramo timakakankhira kumtunda mpaka munthu amameza. Kamene kafika pansi kamakumananso ndi maselo osesa fumbi ndi majeremusi, omwe sasiyanitsa mankhwala ndi zinyalala. Ngakhale ndi Exubera, yemwe anatenga zaka zambiri za kafukufuku, insulin wofika m'magazi ankangokhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi wa jakisoni.

Nanga poto wa pamoto angachite chiyani? Madzi owira amawononga insulin monga mmene amaumitsira dzira, ndipo dzira lowiritsa silibwereranso kukhala laliwisi. Komanso nthunzi imanyamula madzi ndi fungo la masamba, koma puloteni imatsala mupoto momwemo, monga mmene mchere umatsalira msuzi ukaphwa. Wofukizayo amatuluka m'bulangete ali thukuta kamukamu, thupi litapepuka, n'kumaganiza kuti mankhwala agwira, chikhalirecho shuga akukwera.

Bambo wina wolima mpunga kufupi ndi nyanja ya Chilwa anandifotokozera yekha, atachira, kuti khungu la pamimba pake linadzaza timibulu ta jakisoni ndipo anafuna kupumulako sabata imodzi yokha pamene ankapuntha mpunga. Mlamu wake ndiye anamulangiza zofukiza. Tsiku lachitatu ludzu silinkatha, ankadzuka kukakodza usiku wonse, kenako anayamba kusanza ndi kupuma mothamanga, ndipo apabanja ankati ndi malungo. Anafika kuchipatala atakomoka. Botolo la insulin la mwezi wonse linathera mupoto, mbuzi inagulitsidwa kuti alipire galimoto, ndipo mpunga unakhala kumunda wopanda woupuntha. Chimene chimanditopetsa n'chakuti timakhulupirira msanga mawu a mlamu ndi uthenga wa pa WhatsApp, koma namwino amene amatiyeza shuga mwezi ndi mwezi sitimufunsa kanthu. Timibulu timene tinawakhumudwitsa bambowa timabwera chifukwa chobaya malo amodzimodzi, ndipo nkhaniyo ikanatha ndi funso limodzi.

Ngakhale insulin wopumira weniweni uja si wa aliyense. Afrezza ndi woletsedwa kwa odwala mphumu ndi matenda ena okhalitsa a m'mapapo chifukwa amatha kutseka njira za mpweya, ndipo osuta fodya salangizidwa kumugwiritsa ntchito. Wodwala amayezedwa mapapo asanayambe, ndipo amene thupi lake silipangiratu insulin amabayabe jakisoni wina wogwira ntchito tsiku lonse.

Musadumphe jakisoni, ndipo mukadwala mpaka kulephera kudya, funsani achipatala za mlingo m'malo mosiya. Muzisinthasintha malo obaya, pamimba ndi pantchafu, ndipo pamene pali timibulu musabayenso. Botolo likhale kutali ndi moto ndi dzuwa. Opanda filiji alikulunge m'pulasitiki n'kulisunga mumtsuko wadothi pamalo ozizira. Wodwala akayamba kusanza, kupuma mothamanga kapena kusokonezeka mutu, mutengereni ku Zomba Central Hospital kapena chipatala chapafupi tsiku lomwelo, mutanyamula buku lake ndi botolo la insulin.