Momwe mungajambulire ndi kutsuka filimu ya black and white yopusha kukakhala mdima

Ngati mumakonda kamera ya filimu ndipo mukufuna kujambula usiku, kaya pamsika pomwe mavenda ayatsa nyali kapena m'nyumba magetsi atazima, osathamangira flash. Tengani filimu ya ISO 400 (ISO ndi nambala yosonyeza momwe filimu imamvera kuwala) ngati Ilford HP5 Plus kapena Kodak Tri-X, muyike kamera pa 1600, kenako potsuka muisiye nthawi yayitali mu developer, mankhwala otulutsa chithunzi pa filimu. Kupusha kwake ndi kumeneku. Kuchoka pa 400 kufika 800 ndi sitopu imodzi, kufika 1600 ndi masitopu awiri, ndiye kuti filimu ikulandira kotala chabe ya kuwala komwe imafuna.

Choyamba sinthani ISO musanajambule chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo rolo yonse ithere pa 1600 pomwepo chifukwa yonse ikalowa mu thanki yotsukira imodzi nthawi imodzi. Makamera ena amawerenga okha ISO kudzera pa DX code, timabokosi ta pa kabotolo ka filimu, amenewo gwiritsani exposure compensation, batani lowonjezera kapena kuchepetsa kuwala, pa -2. Lembaninso 1600 pa kabotoloko ndi maka, mawa mudzakhala mutaiwala.

Tsopano pamene ambiri amalakwitsa ndi poyeza kuwala. Kupusha sikubweretsa kuwala komwe kunalibe ayi, kumangokweza malo owala ndi apakatikati, pomwe panali mdima padzatuluka bii basi ngakhale mutsuke ola lathunthu. Ndiye sankhani chomwe mukufuna chioneke. Ngati ndi mayi akuwotcha chimanga pa mbaula, yandikirani muyeze pankhope pawo pomwe moto ukuwalitsa, osalola babu kapena lawi lilowe mu mita yoyezera kuwala chifukwa kamera iganiza kuti kwawala ndipo nkhope ithera mumdima. Tsegulani lenzi pa f/2 kapena f/1.8, ndipo ndi lenzi ya 50mm liwiro la shutter lisatsike pansi pa 1/60 ya sekondi, apo ayi tsamirani khoma, zigongono m'nthiti, mupume kaye kenako dinani. Ine ndimaona kuti mdima wambiri mu chithunzi si vuto, bola nkhope ndi manja zili bwino.

Kutsuka tsopano. Filimu imalowa mu reel, chokulungira cha m'thanki, mumdima weniweni, mu changing bag (chikwama chosalowa kuwala) kapena m'chipinda chomwe mwatseka ndi bulangete pansi pa chitseko, ngakhale kuwala kwa foni kumawononga. Thanki ikatsekeka mutha kuyatsa magetsi.

Mankhwala akhale pa madigiri 20 Celsius, ndipo kuno miyezi ya Okutobala ndi Novembala madzi a pampopi amakhala ofunda kuposa pamenepo, ndiye ikani botolo la developer mu beseni la madzi a ayisi mukuyang'ana themomita mpaka itsike. Pa HP5 ya 1600, Ilford amapereka nthawi izi pa ma developer awo: mphindi 14 mu ID-11 yosasungunula, mphindi 13 mu DD-X ya 1+4 (gawo limodzi la mankhwala, magawo anayi a madzi), mphindi 11 mu Microphen. Yerekezani ndi mphindi 7 ndi theka zomwe ID-11 imatenga pa 400, muona kusiyana kwake. Microphen ndi DD-X ndi amene amathandizako pang'ono kusunga zamumthunzi. Tembenuzani thanki kanayi kumayambiriro kwa mphindi iliyonse, pang'onopang'ono, kenako igogodeni patebulo kuti thovu lichoke, osaikhutchumula ngati mukusukusa botolo chifukwa contrast yake, kusiyana kwa malo owala ndi amdima, imakhala kale yokwera.

Nthawi ikakwana khuthulani, thirani stop bath yoimitsa developer masekondi 10 kapena madzi chabe, kenako fixer yokhazikitsa chithunzi, Ilford Rapid Fixer ya 1+4 imafuna mphindi 2 mpaka 5. Potsukuluza simukufunika kuwononga madzi: dzazani thanki mutembenuze ka 5, tayani, dzazaninso ka 10, kenako ka 20. Mumalize ndi kadontho ka wetting agent kuti madzi asasiye mabala, muyanike ku bafa komwe kulibe fumbi, mutamangirira pegi kumunsi kuti isapindike.

Negetivu zikauma zioneka zowonekera kwambiri m'malo a mdima ndipo grain, timadontho tokhala ngati mchenga pa chithunzi, idzakhala yayikulu, zimenezo nzabwinobwino. Koma nkhope nazo zikakhala zosaoneka, vuto ndi poyeza paja, rolo yotsatira jambulani pa 800 kapena gulani Ilford Delta 3200 muiyike pa 1600.