Kumanga ndi kupenta kasabumarini ka pulasitiki, mmene ine ndimapangira

Abale anga a kuno ku Joni, ife amene tinakula tikupinda waya kupanga magalimoto kumudzi manja athu anazolowera kale ntchito yamtunduwu, kungoti apa zonse zimabwera m'bokosi. Ine ndinayamba ndi sabumarini ya mtundu wa Type 212A ya kampani ya Revell, sikelo 1/144, kutanthauza kuti sitima yeniyeni ndi yaitali ka 144 kuposa kapulasitikiko. Sitima yeniyeniyo ndi ya asilikali a ku Germany, kutalika mamita pafupifupi 56, ndiye kanuko kakatha kamakhala masentimita 39 kapena apo. Ngati mukukhala kachipinda kamodzi tengani za 1/350, koma tizidutswa take ndi tating'ono ngati mpunga.

Tsukani kaye zidutswa zonse m'madzi ofunda ndi sopo wa mbale, ziume zokha. Podula zidutswazo pa mafelemu ake gwiritsani ntchito kakata kapena nelikata, osathyola ndi manja.

Tsono nkhani yagona pa mzere. Sabumarini ya masiku ano ndi yosalala ngati mlamba, ilibe mizinga ya pamwamba kapena zingwe zoti zibise zolakwika, ndiye pamene mbali ziwiri za thupi zakumana pakatsala mzere aliyense auwona ali pakhomo. Yesani kulumikiza opanda guluu kaye muone pamene pakutsala mpata, kenako dutsitsani Tamiya Extra Thin m'mzeremo, guluu ameneyu amasungunula pulasitiki ndiye mukafinya pamatuluka kamkanda kofewa, kasiyeni musakakhudze, mangani ndi malabala mugone. Mawa lake palani ndi sandipepa wonyowa, wa nambala 400 kenako 600 kenako 1000 (nambala ikamakula amakhala wosalala), ndipo muzizungulira motsata thupi chifukwa mukangopala malo amodzi msana umaphwatalala. Mukapopera primer yotuwa, penti yoyamba ya pansi, tengani tochi ya foni muwunike cham'mbali, mzere ukaoneka ikani putty, phala lotsekera mipata, mupalenso. Ine ndinabwereza katatu ndipo sindikudandaula ngakhale pang'ono. Zipsepse zakumbuyo za 212A zimakhala ngati X, mukamamata muziyang'ana kuchokera kumchira kuti zonse zinayi zilingane guluu asanagwire.

Penti musagule yakuda bii, chonde. Onani zithunzi za masabumarini atatu a South Africa amene amakhala ku Simon's Town, SAS Manthatisi, SAS Charlotte Maxeke ndi SAS Queen Modjadji I, nawonso opangidwa ku Germany, muona kuti dzuwa ndi mchere zimatuwitsa. Ine ndimakonda XF-69 NATO Black ya Tamiya, ndiye mwa apo ndi apo pamsana ndimadutsitsa yomweyo nditathiramo kadontho ka yotuwa.

Nyengo ya Johannesburg nayo muyiganizire. June ndi July mpweya umauma kwambiri moti penti imauma isanafike pa pulasitiki n'kusiya khungu ngati mchenga, ndiye musapopere muli patali, masentimita 15 mpaka 20 basi, mopyapyala kangapo, ndipo ngati ndi ya m'chitini chiviikeni kaye m'madzi ofunda, ofunda osati otentha. August mphepo imabweretsa fumbi la m'milu ya migodi ija, mukangomaliza vundikirani ndi katoni. Ndipo poperani panja kapena pawindo lotsegula, osati m'chipinda mogona ana, fungo lija silabwino m'chifuwa.

Tizomata ta manambala timafuna posalala, ndiye yambani ndi vanishi yonyezimira, mamatani, ziume tsiku limodzi, pamwamba pake vanishi yosawala. Mukadumpha yonyezimirayo mpweya umatsalira pansi, tizomata timaoneka mbuu ngati siliva. Pulopela ipenteni payokha mtundu wa bulasi. Timilongoti ta pamwamba ndi periscope, kapaipi koonera kunja sitima ili pansi pa madzi, muike pomaliza penipeni sitima itakhala kale pachoikapo chake, n'tosachedwa kuthyoka.