Tenti kapena kalavani yakale? Zomwe ndaphunzira pogona kunyanja ku Senga Bay

Amalume anga ali ndi kalavani yakale ya Sprite, inali yoyera koma pano utoto unafwifwa, anaigula kwa mkulu wina wa ku esiteti yemwe ankabwerera kwawo, nde kuyambira pamenepo nkhani yopita kunyanja ikangoyamba pabanja pathu timagawikana pawiri. Ena amati tikoke kanyumba ka amalume, ena amati aaa titenge matenti basi tizipita. Ine ndagonamo monsemo, ku Senga Bay kangapo ndithu komanso ku Nkhotakota, ndipo ndineneretu kuti mbali yanga ndi ya tenti. Kalavani kugonamo kukoma, sindikana, koma ili ngati ng'ombe yofuna mbusa chaka chonse pomwe mkaka wake mumamwa kawiri kokha pachaka. Komabe tiyeni ndikuuzeni zonse ziwiri, musankhe nokha.

Tiyambe ndi tenti poti ndi yomwe ambiri tingaikwanitse.

Ambiri timagula ya pakaunjika, ndipo palibe vuto, bola musagule ili m'chikwama. Muuzeni wogulitsayo kuti aimike pompo muone, akakana dziwani kuti pali chomwe akubisa. Werengani ndodo zake ngati zakwana, tsegulani ndi kutseka zipi iliyonse kawiri katatu, kenako lowani mkati muyang'ane kumwamba kuli dzuwa, tizibowo tonse timaonekera pomwepo. Neti ya pakhomo ndi pamawindo ikhale yosang'ambika chifukwa udzudzu wa ku Salima suchita nthabwala. Ikhalenso ndi chophimba chapamwamba chija chotchinga mvula, matenti ambiri a pakaunjika amabwera chitasowa. Ndipo akalemba kuti ndi ya anthu 4, muziwerengera anthu awiri ndi zikwama zawo, anthu 4 amakwanamo pokhapokha atagona ngati usipa pathandala.

Mukafika kunyanja chinthu choyamba si kumasula katundu ayi, ndi kuyenda kaye kuona malo, ndipo ngati pali alonda apatseni moni bwinobwino muwafunse kuti bambo, mphepo ikuchokera kuti masiku ano, nanga mvuu zimatulukira pati. Iwowa amadziwa zambiri kuposa foni yanu. Musaimike tenti pafupi kwambiri ndi madzi ngakhale pakuoneka pokongola bwanji, mafunde a usiku amafika patali kusiyana ndi a masana, ndipo nyanjayi imasintha, mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa m'malo ena ogona alendo. Pansi pa mtengo wa mango pali mthunzi wabwino koma mu Novembala ndi Disembala mugona mukudzidzimuka, bango lililonse likagwa pa tenti limamveka ngati munthu wagenda.

Tsopano nkhani ya mchenga, apa ndi pomwe oyamba kumene amalira. Zikhomo zachitsulo zomwe zimabwera ndi tenti mumchenga sizigwira, mumangozikankha ndi chala n'kulowa, mphepo ikawomba zimazukanso chimodzimodzi. Ine ulendo wanga woyamba unali mu Julayi, nyengo ya mwera, mphepo ija yochokera kummwera imene imavuta kuyambira Meyi mpaka Ogasiti moti ngakhale asodzi amakoka mabwato n'kukhala pansi. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinadzuka tenti itandigonera kumaso, mbali imodzi itanyamuka, mlamu wanga akuithamangira chophimba chake mumdima ali ndi kabudula yekha. Chomwe ndimachita pano, ndimatenga matumba a feteleza kapena a simenti opanda kanthu, anayi kapena asanu ndi limodzi, ndimathiramo mchenga, kumanga chingwe cha tenti pakhosi pa thumbalo n'kulikwirira. Matumba akasowa dulani timitengo totalika ngati mkono, mangani chingwe pakati, gonekani kamtengoko chopingasa m'dzenje lofika m'chigongono n'kukwirira, pondaniponi. Sizizuka zimenezo. Khomo la tenti lisayang'ane komwe kukuchokera mphepo, likatero tenti imafufuma ngati chibaluni ndipo mchenga wonse umathera pa matilesi. Galimoto muiimike mbali ya mphepoyo ikhale ngati mpanda.

Pansi yalani lona musanaimike tenti, koma lonayo isatulukire kunja kwa tenti, pindirani mkati, chifukwa mvula ikagwa lona yotulukira imatunga madzi n'kuwalowetsa pansi panu pomwe. Pakhomo ikani beseni la madzi lotsukira mapazi ndi kamkeka, apo ayi tsiku lachiwiri mukhala mukugona pa mchenga wokhawokha. Zipi izikhala yotseka nthawi zonse ngakhale mukungotuluka kukatenga mchere, ana muwauze mobwerezabwereza. Linthumbu likakupezani, makamaka nthawi ya mvula, wazani phulusa la pa mbaula kuzungulira tenti monga timachitira kumudzi, ndipo chakudya musagone nacho mkati, chiikeni m'galimoto, apusi nawonso amadziwa kutsegula jumbo.

Chimodzi chomwe sindichita nacho nthabwala, mbaula musalowetse mu tenti ngakhale mu kalavani, kaya kuzizire bwanji mu Juni. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo womwe umapha munthu ali m'tulo. Valani juzi, fundani bulangeti lina, mbaula ikhale panja.

Kutentha ndiye nkhani ina. Mu Okutobala ku Salima kumaotcha, ndipo poti dzuwa limatulukira kunyanja, ikamakwana 6 koloko tenti imakhala yasanduka uvuni, simungagonerezenso. Nyengo imeneyo mvula isanayambe chotsani chophimba chapamwamba mugone ndi neti yokha, kamphepo kazidutsa. Musaganize kuti kalavani ikupulumutsani apa, malata ake amatentha mofanana, kungoti imachedwa kuzizira madzulo.

Nde tibwere kwa kanyumba ka amalume.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Bedi ili pamwamba, agogo sachita kugwada polowa, muli kabati, katebulo, kasitovu ka gasi, mvula ikagwa mumakhala mkati n'kumasewera bawo mukumva ikulira padenga pomwe a m'matenti akukumba ngalande ndi mbale. Khomo limakiyidwa, mukapita kukasamba kunyanja mtima umakhala m'malo. Makalavani akale omwe amapezeka kuno ambiri anachokera ku South Africa, mayina ake ndi monga Sprite, Jurgens ndi Gypsey, zija zonyezimira zozungulira za Airstream zomwe mumaona pa intaneti ndi za ku America, ine kuno sindinakumanepo nayo pamsewu.

Koma mukafuna kugula yakale pitani ndi mphuno yanu ndi chala chanu. Mukatsegula chitseko nunkhizani kaye, fungo la chinyontho likakulandirani ndiye kuti madzi akhala akulowa kwa zaka. Makalavani amenewa kunja ndi malata opyapyala koma mkati mwa khoma muli timatabwa, nde madzi akalowera padenga kapena m'mphepete mwa windo timatabwato timaola mwakachetechete kunja kukuoneka bwinobwino. Dinani ndi chala m'makona onse, pansi pa mawindo, m'kati mwa makabati kumwamba, pakafewa ngati buledi pamenepo paola. Pondani pansi paliponse makamaka pakhomo. Ngati inaima pabwalo nthawi yaitali yang'anani njira za chiswe, ya amalume tinapeza chiswe chitakwera kudzera pa mwendo wakumbuyo n'kudya pansi pa bedi, mpaka kalipentala anachita kusintha pulayiwudi yense wa mbali imeneyo. Gonaninso pansi muone chesesi, zitsulo zapansi zomwe zanyamula kalavani yonse, ngati dzimbiri langodetsa pamwamba kapena laboola.

Matayala asakunamizeni ndi mapanga ake. Tayala la kalavani silitha ndi kuyenda, limatha ndi kukhala padzuwa. Pambali pake pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka chomwe linapangidwa, mwachitsanzo 2314 ndiye kuti sabata ya 23 mu 2014, tayala ngati limenelo ngakhale likuoneka latsopano lisintheni. Kenako ma bearing, tizitsulo ta pakati pa wilo tomwe timalithandiza kuzungulira. Ife tinaphunzira movutika, tikutsika mapiri aja a msewu wa M14 titadutsa Mvera ndinangomva kafungo kachilendo, poima tinapeza wilo lakumanzere likufuka utsi, girizi adauma kalekale. Tinakhala pamenepo kuyambira 10 koloko mpaka dzuwa kupendeka kudikira mnyamata yemwe tinamutuma pa minibasi kukasaka bearing, amalume ali chete, azakhali akungoti ndimanena ine. Pano ulendo uliwonse timayamba taika jeke, kuzunguza wilo kumvetsera ngati likulira, kuligwedeza ngati likusewera, ndi kupakamo girizi watsopano kamodzi pachaka. Mukayenda makilomita 20 oyamba imani mugwire pakati pa wilo, kufunda pang'ono palibe vuto koma likaotcha dzanja musapitirire.

Gasi naye, paipi ya labala yakale imachita ming'alu, sinthani basi ndi yotchipa, ndipo polumikizira ponse pakani thovu la sopo muone ngati pakutuluka timabaluni. Osayesa ndi machesi chonde. Za magetsi, masoketi a makalavani a ku South Africa ndi a mapini atatu ozungulira pomwe athu kuno ndi amakona, nde tengani adaputala, komanso chingwe chachitali chifukwa pamalo ogonapo soketi imatha kukhala kutali. Magetsi akathima, zomwe sizachilendo, kasola kakang'ono ndi batire la galimoto zimakwana kuyatsa mababu ndi kutchaja mafoni, koma fuliji yakale ya mu kalavani musaidalire, ife timangogula ayisi n'kuika mu cooler box.

Kukoka kwake tsopano. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, kenako ena 20 kukafika ku Senga Bay, pa galimoto yokha ndi ulendo wosavuta koma ndi kalavani kumbuyo onjezerani nthawi ndi mafuta omwe, ndipo masiku ovuta mafuta muziganizirenso zoti mukaima bwanji pamzere wa pa filling station muli ndi nyumba kumbuyo. Katundu wolemera ikani pansi pakati, pamwamba pa mawilo, osati kumbuyo kwenikweni, kumbuyo kukalemera kalavani imayamba kuvina uku ndi uku. Ikayamba kuvina musaponde buleki mwamphamvu, chotsani phazi pa moto, gwirani chiwongolero mowongoka, isiya yokha liwiro likatsika. Potsika mapiri gwiritsani giya yaying'ono osati kumangokhalira buleki. Magetsi akumbuyo onse aziyaka, mapepala ake akhale okwana, apolisi a pa rodibuloko akaiona amafuna kuizungulira ndithu. M'tauni ya Salima samalani ndi akabaza, ndi ambiri ndipo kalavani ndi yotakata kuposa galimoto yanu, pokhota tengani kona motalikira. Kubwerera m'mbuyo kaphunzireni pa bwalo la mpira musananyamuke, gwirani chiwongolero chapansi, komwe dzanja lapita ndi komwe kalavani ilowere, pang'onopang'ono, wina aime kumbuyo azikuuzani. Ndipo musailowetse mumchenga wofewa pofuna kuyandikira madzi, ikatitimira mudzalipira anyamata a pa doko lonse kuti aikankhe. Mukaimika, tsekerani mawilo ndi miyala kapena njerwa, tsitsani timiyendo tinayi ta m'makona titapondera pa matabwa, timiyendoto ndi toletsa kugwedera chabe osati tonyamulira kalavani ngati jeke.

Kumene tenti imapambaniratu ndi mukafuna kupitirira ku Nkhotakota. Msewu wa M5 ndi wopapatiza, milatho ina ndi yodutsa galimoto imodzi, ndipo malo ambiri okongola a m'mphepete mwa nyanja mumafikako ndi kamsewu kafumbi kopatuka pa tala, kena kamchenga. Mu nkhalango ya Nkhotakota, yomwe bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2015 n'kubweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, misewu ndi yadothi yokwera ndi kutsika, kalavani yakale ya timatabwa ingagwedezeke mpaka makabati kumasuka. Tenti mumangoponya m'buti. Mukakagona kumeneko gonani pamalo ovomerezeka okha, mverani zomwe akuuzani oyang'anira, zipatso zonunkhira musasunge mu tenti chifukwa cha njovu, mu mtsinje wa Bua musasambe muli ng'ona, ndipo musavale zakuda kapena zabuluu, kashembe amazikonda, amatsatiranso galimoto ikamayenda nde mawindo tsekani.

Nde ngati muli ndi pikapu yamphamvu, bwalo loimikapo pamthunzi, m'bale wodziwa sipana, komanso mumapita malo amodzi omwewo n'kukakhala sabata yathunthu ndi ana ndi agogo, kalavani ikuyenerani. Ngati ndinu a Loweruka ndi Lamlungu, muli ndi kagalimoto kakang'ono kapena mumakwera minibasi, gulani tenti yabwino ndi matilesi wokhuthala, ndalama yotsalayo mukagulire chambo ndi kampango kwa asodzi m'mamawa. Pabanja pathu tinagwirizana zoti kalavani izinyamuka Lachinayi ndi amalume pang'onopang'ono, muzigona akuluakulu ndi makanda, ife achinyamata timabwera Lachisanu ndi matenti athu n'kuimika kumbuyo kwake komwe mwera sufika.

Pobwerera tenti musaipinde yonyowa, ngakhale ndi mame okha. Mukachita changu n'kuilonga choncho, mukangofika kunyumba iyanikeni pa chingwe tsiku lomwelo, ikakhala m'chikwama masiku atatu imachita nkhungu yakuda ndipo fungo lake silichoka. Aliyense akayamba kutentha thupi patatha sabata kapena awiri mutabwerako apite akayezetse malungo, ndipo poti munasamba m'nyanja, pakadutsa miyezi iwiri kapena itatu kafunseni kuchipatala za mankhwala a likodzo.