Mwawoketsa tsitsi koma dazi likuonekabe? Mverani wometa

Ndakhala ndikumeta anthu kuno ku Area 25 kwa zaka zambiri, ndipo mitu ndimaionera pamwamba, pomwe eni ake saonapo. Masiku ano pampando wanga pamakhalanso abambo omwe anakwera ndege kupita ku Istanbul kapena ku Johannesburg kukawoketsa tsitsi. Wina anabwera patangotha miyezi iwiri, chipewa chili kumutu, nkhope yakugwa. "Achimwene, andibera," anatero. Atavula chipewacho ndinaona kuti sanaberedwe ayi, anangofulumira kulira.

Yambani ndi kuwerenga miyezi. Tsitsi lowokedwa limathothoka pakati pa sabata 2 ndi 8, koma mizu imatsala m'khungu. Amene munawokerapo fodya mukudziwa kuti mbande ikangochoka ku nazale imayamba yafota kaye. Latsopano limatuluka mwezi wa 3 kapena wa 4, lopyapyala ngati la khanda, n'kumakhuthala pang'onopang'ono. Mutu umaweruzidwa pa miyezi 12, ndipo paliwombo pamachedwa, mwina mpaka 18. Nthawi zina ngakhale tsitsi lakale loyandikana ndi mabala limathothoka nawo, ndiye munthu amaoneka wadazi kuposa mmene anapitira.

Pamiyezi imeneyi galasi ndi mdani wanu. Muzijambula chithunzi kamodzi pamwezi, malo omwewo, panja m'mawa, tsitsi lili louma. Babu la m'bafa lowala kuchokera pamwamba, tsitsi lonyowa kapena lothira mafuta ambiri, zonsezi zimaonetsa khungu ngakhale pamutu wa mnyamata wa ku sekondale.

Tsono nkhani yaikulu, yomwe otsatsa malonda pa Facebook safuna kuitchula, ndi iyi: dokotala salenga tsitsi. Amangozula la kunkhongo ndi m'mbali n'kukalibzala kutsogolo. Nkhongo yanuyo ndiye nazale, ndipo pomwe azulapo sipameranso. Amazula timagulu totchedwa graft, kalikonse kali ndi tsitsi 1 mpaka 4. Ndiye funsani bwino ngati nambala yomwe anakupatsani ndi ya ma graft kapena ya tsitsi, chifukwa tsitsi 4,000 likhoza kukhala ma graft 2,000 okha. Kenako tengani tepi muyeze dazilo. Likakhala masentimita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, ndiye kuti muli timabokosi 100 ta sentimita imodzi. Ma graft 3,000 agawidwa 30 pa kabokosi, zomwe n'zochepa poyerekeza ndi mmene munabadwira. Madokotala sangathithikitse kwambiri chifukwa muzu uliwonse umafuna magazi kuti ugwire. Ndi chifukwa chake ambiri amadzaza kutsogolo, liwombo n'kulisiya patalipatali.

Tsitsi lathuli lili ndi zakezake. Limapindika ngakhale mkati mwa khungu, moti kachitsulo kozulira pa njira yotchedwa FUE, yozula kagulu kamodzikamodzi, kamatha kudula muzu pakati ngati wozulayo sanazolowere mitu ya anthu akuda. Muzu wodulidwa kawirikawiri sugwira. Ngati simunapite, auzeni akuonetseni zithunzi za anthu a tsitsi ngati lanu, osati za azungu zokha. Auzeninso ngati thupi lanu limachita zipsera zotupa kapena muli ndi ziphuphu za kunkhongo zija. Koma kupotana komweko kumatithandiza, chifukwa tsitsi lathu limaphimba khungu kuposa lowongoka. Apa ndiye pa ntchito yanga: musalimete mpala kapena namba 1 pamwamba. Lisiyeni likule pang'ono, m'mbali titsitse, diso limaona ngati ladzaza.

China chomwe ndimachiona kwambiri ndi mzere wabwino kutsogolo, kumbuyo kwake kuli bwalo. Apo lowokedwalo silinalakwe. Ndi lakale lomwe likupitiriza kutha, chifukwa homoni ya DHT yomwe inayambitsa dazilo sinapite kulikonse. Madokotala amapereka finasteride wakumwa kapena minoxidil wopaka kuti asunge lotsalalo. Musakangogula nokha. Finasteride amachepetsa chilakolako cha m'banja mwa amuna ena ndipo ndi woopsa kwa mayi woyembekezera, pomwe minoxidil mukamusiya, lomwe anasunga limathothokanso. Fodya musiyeni, amachepetsa magazi opita ku mizu. Amayi amene munawoketsa m'mphepete mwa chipumi, mukabwerera ku mameshi okoka kwambiri aja mudzazula lomwe munalipirira.

Chaka chikatha koma zithunzi zikuonetsa kuti palibe chasintha, kaonaneni ndi dokotala wa khungu, ngakhale ku Kamuzu Central Hospital, aone ngati palibe matenda a pakhungu kapena kuchepa kwa ayironi. Pambuyo pake ndiye muganize zopakiza kachiwiri. Ine ndimati musathamangire, makamaka mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, komanso ndaonapo nkhongo zozulidwa mopyola muyeso, zooneka ngati munda wodyedwa ndi mbuzi. Zimenezo ngakhale ine wa makina sinditha kuzibisa.

Bambo a chipewa aja anabweranso mwezi wa 11 chiwoketsereni. Ndinawameta namba 3 pamwamba, namba 1 m'mbali. Paliwombo pakadali powala pang'ono, ndipo ndinawauza. Chipewa anachiiwala pa benchi, chilipobe mpaka lero.