Makina ochekera matabwa akulira poyatsa: momwe mungapezere gwero la phokoso

Phokoso limene limamveka m'masekondi awiri kapena atatu oyamba, bledi isanafike pa liwiro lake, limachokera malo anayi: bledi, lamba ndi mapule ake (timawilo timene lamba amayendapo), mabering'i, kapena mota. Khutu lokha limanamiza, chifukwa tebulo lachitsulo limafalitsa phokoso paliponse. Njira yodalirika ndiyo kuchotsa zigawo chimodzichimodzi mpaka phokosolo litasiya.

Musanagwire chilichonse, zulani pulagi. Kuzimitsa pa swichi sikokwanira. Tsegulani kunsi, muchotse utuchi ndi tizidutswa ta matabwa, pakuti kachidutswa kamodzi kokakamira pafupi ndi mano kamasokosa ngati makina onse aphwasuka. Kenako zungulitsani bledi ndi dzanja pang'onopang'ono. Mano asakhudze mbale imene bledi imatulukirapo, ndipo pakati pa mano ndi kachitsulo kopyapyala koima kumbuyo kwa bledi pazikhala mpata wa mamilimita 3 mpaka 8. Yesani nati ndi sipanala. Ikakhwepa, shafuti (chitsulo chimene bledi imamangidwapo) imayamba kuzungulira bledi isanagwire, ndiye mumamva kuti kwii! kenako gu! Pukutaninso mawasha, chifukwa utomoni wouma umakhazika bledi mopendekeka.

Tsopano chotsani bledi, nati ndi washa, nkuyatsa. Phokoso likatha, ndiye kuti bledi ndi yopindika kapena sinakhale bwino.

Likapitirira, zulaninso pulagi muone lamba. Mukamukanikiza ndi chala pakati pa mapule awiri, azilowa pafupifupi sentimita imodzi. Akamalowa kuposa apo amaterereka poyatsa, kulira kuti tswii! mpaka liwiro litakwanira. Lamba wonyezimira m'mbali kapena wong'aluka wathaitha, ingogulani wina. Kumupaka sopo kapena mafuta nkubisa vuto chabe. Makina akakhalitsa osagwira ntchito, lamba amauma mopindika pamene anakumbatira pule, ndipo amagunda kuti du-du-du kufikira atafunda. Osamukoka mopitirira muyeso pofuna kuthetsa kulirako, mupha mabering'i.

Apa pali chinthu chimene ambiri amachiphonya: kabawuti kakang'ono komanga pule ku shafuti. Kakamasuka, pule imagwedera pa kiyi yake (kachitsulo koletsa pule kuterereka pa shafuti) ndipo imagunda kamodzi kokha, poyatsa basi. Igwireni, muipotoze uku ndi uku. Ikasewera ngakhale pang'ono, mangani kabawutiko, ndipo ikani lula m'mbali mwa mapule onse awiri muone ngati ali pamzere umodzi.

Tsopano chotsani lamba, muzungulitse shafuti ya bledi ndi dzanja. Izizungulira mosalala, mwakachetechete. Mukamva ngati muli mchenga, kapena ikugwedera mukaikankhira m'mwamba ndi pansi, mabering'i atha. Nambala yake imalembedwa m'mbali mwa bering'i, monga 6203. Sinthani onse awiri nthawi imodzi.

Yatsani mota yokha. Ikangong'ung'uza kuti ng'uuu! osazungulira, kapena ikudzuka mwaulesi, zimitsani msanga, chifukwa mawaya a m'kati amapsa m'masekondi ochepa. Kawirikawiri wolakwa ndi kapasita yoyambitsira (chipangizo chothandiza mota kudzuka), imene imakhala m'kachibokosi pamsana pa mota. Yotupa, yodontha kapena yonunkha chopserera yafa. Chenjerani, kapasita imatha kusunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, choncho ngati simudziwa kuichotsa mphamvu, itanani wamagetsi. Yatsopano ikhale ya ma µF (nambala ya kukula kwake, yolembedwa pa kapasitayo) ofanana ndi yakale, ndipo mavoti ake (nambala ya V) akhale omwewo kapena okwererapo, osati otsika.

Kapasita ikakhala yabwino, tsegulani chivundikiro chakumbuyo kwa mota. Muli kaswichi kamene kamadula kapasita mota ikafika pafupifupi magawo atatu mwa anayi a liwiro lake. Utuchi ukadzaza, kamakanirira. Kapemerereni mphepo, mupale timitu take takuda ndi sandipepala wosalala. Kakamalira kuti khe! kamodzi pamene mota ikuima, musadandaule, ndi mmene kamagwirira ntchito.

Makina aang'ono onyamula m'manja alibe lamba kapena kaswichi kameneka. Mota ya ambiri mwa iwo ndi ya maburashi (timakala tiwiri tolowetsa magetsi m'mbali yozungulira ya mota), ndipo mwachibadwa ndi yaphokoso. Koma mukamva kuthetheka, nkuona moto wambiri pamabowo opumira, tulutsani maburashi onse awiri. Akafupika kufika cha m'ma mamilimita 6, sinthani onse pamodzi. Ngati makinawo kale ankadzuka mofatsa koma tsopano akudumpha poyatsa, chipangizo chochepetsa mphamvu poyambira chapsa.

Musanagule kalikonse, lumikizani makina molunjika ku soketi. Mota imakoka magetsi ochuluka kangapo poyamba kuposa ikamayenda, ndiye nthambo yowonjezera yaitali komanso yopyapyala imaifooketsa mpaka kung'ung'uza ngati kapasita yafa. Ngati simungachitire mwina, nthamboyo ikhale ya mawaya onenepa 2.5 mm², yaifupi, ndipo muifunyulule yonse.