Kuumba khalekita ndi thupi usanatsegule pakamwa

Wafunsa kuti anthu oonera sewero angadziwe bwanji kuti ukusewera bwana kapena wantchito usanayankhule. Yamba ndi kayendedwe, sankha chiwalo chotsogolera, kaya chifuwa, mimba kapena mphuno, uzungulire mchipinda mpaka thupi lizolowere. Kenako dzipatse nambala kuyambira 1 mpaka 10, 10 ndiye wamkulu. Wapamwamba sapupuluma, mutu sagwedeza akamayankhula, amakuyang'ana m'maso ndipo amakhala motakasuka ngati malo onse ndi ake, pomwe wapansi maso pansi, kudzigwiragwira kumaso, kusekerera zosaseketsa. Ukatero peza mnzako musewere sini (kagawo ka sewero) imodzi kawiri mosinthana manambala. Yesaniso wantchito wa 9 ndi bwana wa 3, kwa ine apa mpamene zimakoma heavy, anthu amafa nalo phwete. Mawu a mu sikiripiti uwalowetse pomaliza.