Hard drive ikati muifomate, musavomere: momwe ndinapulumutsira zithunzi za ukwati

Alamu anga amajambula zithunzi m'maukwati. Loweruka lina mu Okutobala anakajambula ukwati ku Zomba, Lamulungu n'kutsitsa zonse kuchokera pa memori khadi kupita pa external yawo ya 1TB, hard drive yolumikiza pa USB. Khadiyo anaifomata mu kamera pokonzekera chinkhoswe cha Loweruka lotsatira. Lachiwiri ali mkati mosankha zithunzi, magetsi anathima, ndipo laputopu yawo, yomwe batire yake inafa kalekale, inazima pomwepo. Magetsi atabwera, Windows inawalonjera ndi uthenga uja: "You need to format the disk in drive E: before you can use it."

Anandiimbira mawu akunjenjemera. "Alamu, ikuti ndiifomate. Ndivomere?"

"Ayi alamu, chotsani dzanja pa mausi. Dinani Cancel, muizule, mubwere nayo. Musaipatse wina aliyense panjira."

Mawu omalizawa ndinawanena dala. Hard drive zambiri zomwe ndalephera kupulumutsa zinaphedwa ndi thandizo la anthu a mtima wabwino, osati ndi matenda ake oyamba.

Kuti mumvetse chomwe chinachitikira disikiyo, ganizani izi: pa depoti pali malo osungitsa katundu. Matumba ali mbwee m'chipinda, ndipo kalaliki ali ndi buku lonena kuti thumba lakuti ndi la uje, lili pakona yakuti. Bukulo likanyowa ndi mvula, matumba sapita kulikonse, kungoti palibe akudziwa kuti lili pati ndi la yani. File system ndiye buku limenelo. Pa Windows nthawi zambiri imakhala NTFS, pa flash ndi makhadi FAT32 kapena exFAT, pa Linux ext4. Mukatsegula Disk Management n'kuona disiki yalembedwa kuti RAW, Windows ikungonena kuti bukulo yalephera kuliwerenga. Kufomata ndi kubweretsa buku latsopano lopanda kanthu, ndipo chilichonse chomwe mungasunge pambuyo pake chimaunjikidwa pamwamba pa katundu wa eni ake.

Koma bukulo limawonongeka pa zifukwa ziwiri zosiyana. Mwina magetsi anathima kapena munazula chingwe kompyuta ili mkati molemba, disiki payokha ili bwinobwino. Mwinanso disikiyo ikufa, ndipo malo oyamba kuwola angokhala pomwe panali buku. Kunja ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. N'chifukwa chake ine disiki iliyonse ndimaitenga ngati ikufa mpaka itanditsimikizira kuti ili moyo.

Poyamba imvereni ndi khutu. Ilumikizeni, muiike pakhutu. Yabwino imayamba kuzungulira n'kumangolira mofatsa, fuuu, ndi kaphokoso kochepa pamene ikuwerenga. Ikamati tiki, tiki, tiki mobwerezabwereza, kapena kulira ngati kambewa osazungulira, yesani chingwe china chachifupi ndi pobaya pena, chifukwa ma external aang'ono amadya moto wa pa USB ndipo chingwe chotopa chimawalepheretsa kudzuka. Yesani kamodzi kapena kawiri basi. Ikapitiriza, izimitseni, zimene ndikulemba pansipa si zanu. Mkati mwake muli mbale zozungulira maulendo 5400 kapena 7200 pa mphindi, ndi kamutu kowerenga koyandama pamwamba pa mbalezo pa mpata wochepa kuposa kafumbi. Kamutuko kakayamba kukhudza mbale, mphindi iliyonse yomwe disiki ili pamoto ikupala zithunzi zanu ngati mpeni pa chinangwa. Musaitsegule ndi sikuludiraiva, musaimenye, ndipo za kuiika mu firiji zomwe anyamata amauzana zija zisiyeni, chinyontho chimangomaliza zomwe zinatsala. Yotereyi imafuna akatswiri okhala ndi chipinda chopanda fumbi, monga omwe ali ku Johannesburg ndi Cape Town, ndipo mtengo wake umafuna munthu akhale pansi kaye n'kudzifunsa ngati zomwe zilimozo zikuyenera ndalama zimenezo.

Ya alamu inkalira bwino. Mpamene ndinapuma.

Apa ndi pomwe ambiri amathamangira chkdsk, pulogalamu ya Windows yokonza file system, poti ndi yomwe imatuluka msanga ukafufuza pa intaneti. Ine pa disiki yokayikitsa sindiyerekeza. Ntchito ya chkdsk ndi kuonetsetsa kuti buku likuwerengeka, osati kuti katundu wanu apulumuke. Ikapeza tsamba losamveka imatha kulidula, zotsala n'kuziponya mu foda ya found.000 ndi mayina ngati file0000.chk, ndipo zomwe yasintha sizibwezeka. Chimodzimodzinso kuika pulogalamu yopulumutsira mafayilo pa disiki yodwalayo, kapena kusunga zomwe mwapulumutsa pomwepo. Pa disiki yodwala sitilembapo kanthu, ngakhale kadontho.

Chomwe timachita ndi kuikopa yonse, sekita ndi sekita (masekita ndi tizigawo ting'onoting'ono tomwe disiki imasungamo zinthu), kukhala fayilo imodzi yaikulu pa disiki ina yabwino, kenako maopaleshoni onse n'kuchitira pa kopeyo. Mukalakwitsa pa kope, mwataya nthawi yokha.

Mufunika disiki yabwino yokulirapo: kope ya 1TB imadya 1TB yathunthu ngakhale munali zithunzi zochepa, ndipo pafunikanso malo oika zomwe mupulumutse. Ine ndinabwereka ya 2TB. Ikhale ya NTFS kapena ext4, osati FAT32, chifukwa FAT32 silola fayilo yoposa 4GB, ndipo ntchito idzaima mutangoyamba kumene. Mufunikanso flash yokhala ndi SystemRescue, Linux yaulere yomwe imabwera kale ndi ddrescue, TestDisk, PhotoRec ndi smartctl. Itsitseni pa kompyuta ina, bandulo ya 2GB ikwana, muiike pa flash ndi pulogalamu ya Ventoy, n'kuyatsa kompyuta kuchokera pa flash imeneyo. Ubwino wake, siyamba yokha kutsegula kapena kukonza disiki yomwe mwalumikiza. Ngati muli kale ndi Ubuntu, dziwani kuti phukusi lake kumeneko limatchedwa gddrescue, ngakhale lamulo lolemba ndi ddrescue.

Mukalowa, lembani:

lsblk -o NAME,SIZE,MODEL,SERIAL

Muona ma disiki onse ndi kukula kwake. Apa musadalire mutu. Ine ndimatenga pepala n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu: YODWALA ndi sdb, YABWINO ndi sdc, pamodzi ndi manambala a siriyo; kwa inu mayinawa angakhale ena, ndiye m'malamulo ali pansipa muziika anuwo. Mayinawa amatha kusinthana mukazimitsa n'kuyatsanso kompyuta, choncho nthawi iliyonse mukayatsa, bwerezani lamuloli musanachite china chilichonse.

Kenako funsani disikiyo za thanzi lake:

smartctl -a /dev/sdb

Ikakana chifukwa ili pa USB, onjezani -d sat. Pa mndandanda wautaliwo yang'anani mizere itatu: 5, 197 ndi 198, pa gawo la kumapeto kwa mzere. Nambala 5 ndi masekita omwe anafa n'kulowedwa m'malo, 197 ndi omwe akukanika kuwerengeka pakali pano, 198 ndi omwe analephereratu. Pa disiki yathanzi onse amakhala 0. Ya alamu, mzere wa 197 sunali pa 0. Ndiye kuti kuthima kwa magetsi kuja kunangokankha munthu yemwe anali kale dzandidzandi.

Tsegulani disiki yabwino, muyambe kukopa:

mkdir /mnt/yabwino
mount /dev/sdc1 /mnt/yabwino
cd /mnt/yabwino
ddrescue -n /dev/sdb alamu.img alamu.map

Kochokera kumayamba, kopita kumatsatira. Werengani mzerewo kawiri musanadine Enter.

Pulogalamu ya GNU ddrescue, yomwe analemba Antonio Diaz Diaz, ndimaikonda chifukwa cha nzeru zake za pokolola. Kukopa wamba kukafika pa malo owola kumakakamira pomwepo, disiki n'kumatentha, mwina kufa isanafike pomwe pali zabwino. Iyi ikapeza povuta imalumpha, n'kuyamba yatuta zonse zosavuta. Ka -n kaja kakuiuza kuti ulendo woyamba isalimbane ndi kukanda malo oipawo.

Fayilo yachitatu ija, alamu.map, musaiiwale ngakhale mutatopa bwanji. Ndi momwe ddrescue imalemba pomwe yafika, pomwe yapambana ndi pomwe yalephera. Usiku umenewo magetsi anathimanso ntchito ili chapakati. M'mawa ndinayatsa, ndinaonanso mayina ndi lsblk, ndinatsegulanso disiki yabwino ija, ndinalemba lamulo lomwe lija, ndipo inapitiriza pomwe inalekera. Popanda mapu ndikanayambiranso pachiyambi, disiki yodwala n'kuyendanso ulendo womwe mwina sikanaumaliza. Ngati muli ndi UPS, sola kapena laputopu ya batire yamoyo, ino ndiyo nthawi yake.

Konzekerani kudikira. Pa USB 2.0, pomwe liwiro limakhala cha m'ma 30MB pa sekondi, 1TB imatenga maola oposa 9 ngakhale disiki ili yabwino. Pa USB 3.0, pobaya pa buluu paja, mwina maola atatu. Yodwala imatha kutenga masiku. Kutentha kwa Okutobala sikuthandiza, ndiye ndinaiika pa matailosi n'kuilozetsa fani, ana ndinawauza kuti malo amenewo ndi a mfiti, asawayandikire.

Ulendo woyamba ukatha, bwererani ku malo ovuta aja:

ddrescue -d -r3 /dev/sdb alamu.img alamu.map

Apa ikuyesa malo oipa katatu, molunjika ku disiki. Yang'anani mzere wa pct rescued. Ukafika 99 ndi kadontho n'kukhala maola osasuntha, dinani Ctrl ndi C, musafinye disiki chifukwa cha tizidutswa tomwe mwina tili pa malo opanda kanthu. Ikayamba kulira tiki tiki muli mkati, imitsani nthawi yomweyo. Mukamaliza izuleni, muiike mu dirowa. Ntchito yake yatha.

Tsopano pa kope paja:

testdisk alamu.img

TestDisk, ya Christophe Grenier, ilibe zokongoletsa, mumayenda ndi mivi ya pa kiyibodi. Dinani Proceed, mtundu wa partition table (ndandanda wa zigawo za disiki) muvomere womwe yasankha yokha, nthawi zambiri Intel kapena EFI GPT. Ngati chigawo cha disiki chasowa, pitani pa Analyse kenako Quick Search, ndipo chikapezeka dinani P kuti muone mafayilo. Kwa alamu chigawo chinalipo, ndiye ndinapita pa Advanced, kenako Boot. Panalembedwa kuti boot sector, sekita yoyamba ya chigawocho, ndi Bad, koma backup boot sector ndi OK. NTFS imasunga kope ya sekita yoyambayi kumapeto kwenikweni kwa chigawo, ndipo imeneyo ndiyo inatiombola. Ndinasankha Backup BS, ndinavomera, kenako List.

Mafoda onse anatuluka ndi mayina awo. UKWATI ZOMBA, ZINKHOSWE, ngakhale foda ina ya nyimbo zomwe alamu amakana kuti samvera. Pamenepo dinani a kusankha zonse, C wamkulu kukopa, musankhe foda pa disiki yabwino, C kachiwiri. Musatengeke n'kufuna kukonza disiki yoyamba ija kuti izigwiranso ntchito. Tulutsani katundu basi.

Nthawi zina buku limakhala litapseratu. Pa NTFS, mtima wa bukulo ndi MFT, ndipo ikawonongeka kwambiri TestDisk sionetsa kanthu. Apo ndiye mumaitana PhotoRec, yomwe imabwera limodzi ndi TestDisk:

photorec alamu.img

Iyi ilibe nazo ntchito za buku. Imalowa m'chipinda n'kumamasula thumba lililonse kuona zomwe zilimo. Chithunzi cha JPEG chimayamba ndi FF D8 FF, fayilo ya PDF imayamba ndi %PDF, ndipo ikaona chizindikiro chotere imadula kuyambira pamenepo. Musanayambe lowani pa File Opt musankhe mitundu yokhayo yomwe mukufuna, apo ayi mudzadzaza disiki ndi zinyalala zikwizikwi. Ikafunsa za file system, sankhani Other ngati ndi NTFS, FAT kapena exFAT. Kuipa kwake, mayina ndi mafoda sabwera. Mumapeza recup_dir.1, recup_dir.2 ndi ena otero, muli mafayilo a mayina ngati f1234567.jpg. Zithunzi zimasankhika poti tsiku lojambula limakhala mkati mwake, koma mavidiyo aakulu omwe anasungidwa modukaduka kawirikawiri amatuluka opunduka.

Ziwiri zoti mudziwe musanataye usiku wanu. Ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows wobisa zomwe zili pa disiki, kukopa kutheka, koma popanda pasiwedi kapena kiyi yake ya manambala 48 simuwerenga kanthu. Ndipo ngati ndi SSD, disiki yopanda mbale zozungulira, yomwe mwaifomata kale kapena mwafufuta mafayilo, TRIM, lamulo louza SSD kuti ifufute malo osagwiritsidwa ntchito, imakhala itasesa malowo, mwayi ndi wochepa kwambiri.

Kukopa kukatha musathamangire kuimba foni yachisangalalo. Tsegulani mafayilo muone ndi maso, chifukwa dzina limatha kubwera bwinobwino pamene mkati muli bowo. Alamu anabwera Lachinayi madzulo, tinakhala pa khonde n'kumadutsa chithunzi chimodzichimodzi. Zambiri zinali bwino. Zingapo zinali theka chithunzi, theka imvi, ndipo mwa izo munali cha akwati akudyetsana keke.

"Alamu, ichi ndiye mayi a mkwatibwi achifuna," anatero atagwira kumutu.

Ndinawafunsa ngati khadi ija anajambulirapo china chiifomatireni. Anati ayi, ikudikira Loweruka. Makamera ambiri akamafomata amangolemba buku latsopano, zithunzi osazikhudza. Tinaitsekera ndi kabatani kam'mbali kaja kuti isalembedwe, ndinaikopa ndi ddrescue monga tinachitira ndi disiki, n'kuyendetsa PhotoRec pa kopeyo. Pasanathe ola, keke inatuluka yathunthu pa dzina la f ndi manambala, mkwatibwi atatsinzina, kirimu ali pamphuno. Ku chinkhoswe alamu anapita ndi khadi yobwereka kwa ine, ndipo mpaka lero sanabweze.